Godfrey 'Ucar' Chitalu: katswiri wa zigoli 107 amene adakweza dzina la Kabwe Warriors

KABWE, Zambia – Pali chithunzi chimodzi chimene okonda mpira wa miyendo m'dziko la Zambia amachidziwa bwino. Pachithunzicho pali mwamuna atanyamula mpira umene padalembedwa dzina lake, chaka cha 1972 ndi nambala ya 107. Mwamunayo ndi malemu Godfrey Chitalu, wosewera kutsogolo wa timu ya Kabwe Warriors, ndipo nambalayo ndi ya zigoli zimene akuluakulu a mpira m'dzikomo adavomereza kuti adamwetsa m'nyengo imodzi yokha.

Kwa zaka 40, nambala imeneyi inkadziwika ku Zambia ndi m'mayiko ochepa oyandikana nalo. Idamveka padziko lonse m'chaka cha 2012, pamene idadzetsa mtsutso wofuna kudziwa mwini mbiri ya zigoli zochuluka m'chaka chimodzi. Mtsutsowo udabwera mwini wake atagona kale m'manda zaka 19, ndipo ambiri amene adamva dzina lake panthawiyo adangodziwa nambalayo basi. Komatu moyo wa Chitalu sungafotokozeke ndi nambala imodzi. Ndi mbiri ya mnyamata wa m'tauni ya migodi, ya timu ya ogwira ntchito zanjanji imene idalamulira mpira wa Zambia, komanso ya mphunzitsi amene adafera m'nyanja pamodzi ndi osewera ake.

Mwana wa kumigodi

Godfrey Chitalu adabadwa pa 22 Okutobala 1947 ku Luanshya, m'dziko limene panthawiyo linkatchedwa Northern Rhodesia. Luanshya ndi imodzi mwa matauni a m'chigawo cha Copperbelt, ndipo idakula chifukwa cha mgodi wa kopa wa Roan Antelope. Chitalu adakulira m'dera la Mikomfwa, limodzi mwa madera a anthu akuda m'tauniyo.

M'matauni a migodi, masewero adali mbali ya moyo wa tsiku ndi tsiku. Makampani a migodi ndi makhonsolo ankamanga mabwalo ndi nyumba zochezeramo achinyamata, ndipo m'malo amenewa ndi momwe anyamata ambiri adaphunzirira mpira wa miyendo ndi nkhonya. Chitalu adayesa masewero onse awiri, koma mpira ndi umene udamukoka mtima. Adakali wachichepere adasamukira ku Kitwe, komwe adasewera m'timu ya achinyamata ya kudera la Kwacha mpaka akuluakulu a Kitwe United adamuona n'kumutenga.

Iyi idali nthawi ya kusintha kwakukulu. Ligi ya dziko lonse idayamba m'chaka cha 1962, ndipo timu yoyamba kuipambana idali Roan United ya kwawo ku Luanshya. Pa 24 Okutobala 1964, patangopita masiku awiri Chitalu atakwanitsa zaka 17, dziko la Zambia lidalandira ufulu wodzilamulira pansi pa utsogoleri wa Kenneth Kaunda. Choncho luso la mnyamatayu lidakulira pamodzi ndi dziko lake, panthawi imene mpira udasanduka chimodzi mwa zinthu zolumikiza mitundu yosiyanasiyana ya anthu a m'dziko latsopanolo.

Ku Kitwe United, Chitalu adadziwika msanga pa zinthu ziwiri. Choyamba chidali mphamvu zake: adali wa thupi lolimba, wa liwiro, wosaopa otchinga kumbuyo, ndipo mpira wochoka kuphazi kwake unkavuta kuugwira. Chachiwiri chidali mtima wapachala. Ankakangana ndi oyimbira mpira, adatulutsidwapo m'bwalo, ndipo adaimitsidwapo kusewera kwa kanthawi. Nkhani imene imakumbukika kwambiri ya masiku amenewo ndi yakuti woyimbira wina atamufunsa dzina kuti alilembe m'kabuku kake, iye adatchula dzina la Denis Law, katswiri wa ku Scotland amene ankasewera ku Manchester United.

Zinthu zidasintha m'chaka cha 1968. Timu yake idamupatsa udindo wa kaputeni, ndipo udindowo udamuthandiza kuugwira mtima. M'mwezi wa Juni chaka chomwecho adasewera koyamba m'timu ya dziko, pamene Zambia idagonjetsa Uganda ndi zigoli 2 kwa 1 mumzinda wa Lusaka. Pofika kumapeto kwa chakacho adali atamwetsa zigoli 81 m'masewero a timu yake ndi a dziko, ndipo adakhala munthu woyamba kulandira mphoto ya wosewera wapamwamba wa chaka m'dziko la Zambia. Mphotoyo adailandiranso m'chaka cha 1970, chaka chimene Kitwe United idapata chikho cha Chibuku.

Timu ya njanji

Pamene Chitalu ankatchuka ku Kitwe, timu ina inkakula mphamvu kummwera kwa Copperbelt, m'tauni ya Kabwe. Tauniyi kale inkatchedwa Broken Hill, dzina limene idapatsidwa miyala ya mtovu ndi zinki itapezeka kumeneko m'chaka cha 1902. Kuwonjezera pa mgodi, tauniyi idali likulu la ntchito za njanji, ndipo timu yake yaikulu, imene poyamba inkatchedwa Broken Hill Warriors, inkathandizidwa ndi kampani ya njanji. Dzina la tauni litasintha dziko litalandira ufulu, timuyo nayo idasanduka Kabwe Warriors. Bwalo lake linkatchedwa Railway Ground.

Mwa nyengo zisanu ndi zitatu zoyambirira za ligi, timu ya Mufulira Wanderers idapambana zisanu: 1963, 1965, 1966, 1967 ndi 1969. Imene idayamba kuigwedeza pampando idali Kabwe Warriors, yomwe idatenga ligi m'chaka cha 1968 n'kuitenganso mu 1970. Timuyi idali kale ndi osewera odziwa kugoletsa monga Boniface Simutowe ndi Sandy Kaposa. M'chaka cha 1971 idagulanso Chitalu, pambuyo pa kukokanakokana ndi Kitwe United pa nkhani ya mtengo. Ndalama zimene adagwirizana zidaposa zimene timu iliyonse ya m'dzikomo idaperekapo pogula wosewera kufikira nthawiyo.

Kwa wosewera wa masiku amenewo, kusamuka kotere kudali nkhani ya mpira komanso ya ntchito. Osewera ambiri a ku Zambia ankalembedwa ntchito ndi makampani amene ankathandiza matimu awo, kaya a migodi, a njanji, makhonsolo kapena asilikali. Chitalu adalowa ntchito ku kampani ya Zambia Railways, ndipo Kabwe idakhala mudzi wake kwa moyo wake wonse wotsala. M'chaka chake choyamba, Warriors idatetezanso chikho cha ligi ndipo iye adatsogola pa omwetsa zigoli.

Dzina lakuti Ucar adamupatsa ndi Dennis Liwewe, muulutsi wa mpira pawailesi amene adabadwira ku Malawi koma adatchukira ku Zambia. Ucar lidali dzina la mabatire a kampani ya Union Carbide, omwe ankadziwika kuti sakutha msanga. M'masiku amene mabanja ambiri ankatsatira mpira pa wailesi ya mabatire, fanizolo lidamveka kwa aliyense: wosewera ameneyu ankathamanga ndi mphamvu zomwezo kuyambira mphindi yoyamba mpaka yotsiriza.

Chaka cha zikho zisanu

Chaka cha 1972 chidayamba ndi mpikisano wa matimu opambana ligi m'mayiko a mu Africa. Kabwe Warriors idakumana ndi Majantja ya ku Lesotho. M'masewero oyamba, ku Lesotho, matimuwa adalepherana mphamvu pogoletsana zigoli ziwiriziwiri, ndipo zonse ziwiri za Warriors adamwetsa ndi Chitalu. M'masewero achibwereza, pa bwalo la Dag Hammarskjöld mumzinda wa Ndola, Warriors idapambana 9 kwa 0. Zigoli zisanu ndi ziwiri mwa zimenezi zidali za Chitalu yekha. Ulendo wa timuyi mumpikisanowo udathera m'ndime ya matimu asanu ndi atatu, pomwe idagonja kwa Hearts of Oak ya ku Ghana.

Kumudzi, palibe timu imene idatha kuima pamaso pa Warriors. Idatenga Charity Shield, chikho cha Chibuku, chikho cha Castle, chikho cha Challenge ndiponso ligi, kutanthauza kuti zikho zonse zikuluzikulu za chakacho zidapita ku Kabwe. Aka kadali kachitatu motsatizana kuti timuyi ipambane ligi, ndipo kachinayi m'zaka zisanu. Pamapeto pa nyengoyo, akuluakulu a mpira adalengeza kuti Chitalu wamwetsa zigoli 107. Adamupatsa mpira wolembedwa nambalayo, womwe uli pachithunzi chija, ndipo adasankhidwa kachitatu kukhala wosewera wapamwamba wa chaka.

Zigoli zisanu ndi zinayi zimene adamwetsa Majantja sizidawerengedwe pa 107 zija, chifukwa masewerowo adachitika nyengo ya mpira ya ku Zambia isanatsegulidwe. Zikaphatikizidwa, chiwerengero cha chaka chonse, kuyambira Januwale mpaka Disembala, chimafika pa 116.

Chaka chimenechi ndicho chidali pachimake pa mbiri ya Kabwe Warriors, ndipo ulemererowo sudabwerezedwenso. M'chaka cha 1973 ligi idapita ku timu ya asilikali, imene pambuyo pake idatchedwa Green Buffaloes. Timuyi idalamulira zaka zotsatira, ndipo idangopatsako mpata Mufulira Wanderers mu 1976 ndi 1978, komanso Nchanga Rangers mu 1980. Chitalu adapitiriza kugoletsa kwa zaka zina khumi, koma sadanyamulenso chikho cha ligi ngati wosewera. Warriors idadikira mpaka 1987 kuti ipambane ligi kachisanu.

Kutayidwa ndi kubwerera

Wina angaganize kuti womwetsa zigoli zoposa 100 pachaka sangasowe malo m'timu ya dziko lake. Koma sizidali choncho. Mphunzitsi wa timu ya Zambia kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Ante Buselic wa ku Yugoslavia, ankafuna mpira wopatsirana wa timu yonse, ndipo nthawi zambiri ankakonda kuyamba ndi osewera ena akutsogolo monga Bernard Chanda ndi Simon Kaushi.

M'chaka cha 1974, Zambia idapita koyamba ku mpikisano wa chikho cha mayiko a mu Africa, umene udachitikira ku Egypt. Chitalu adali m'gululo ndipo adagoletsa pamasewero amene Zambia idagonja 3 kwa 1 kwa eni bwalo. Timuyo idafika m'ndime yotsiriza, pomwe idalepherana ndi Zaire 2 kwa 2 mumzinda wa Cairo. Pamasewero obwereza, patapita masiku awiri, Zaire idapambana 2 kwa 0. Zigoli zonse zinayi za Zaire pamasewero awiriwo adamwetsa ndi Ndaye Mulamba.

Chaka chotsatira, Chitalu adasiyidwa m'timu ya dziko, ndipo adakhala kunja pafupifupi zaka ziwiri. Ambiri adaganiza kuti nthawi yake yatha, pakuti zaka zake zinkayandikira 30. Koma m'mwezi wa Febuluwale 1977 adaitanidwanso, Zambia ikukonzekera kukumana ndi Uganda ku Ndola m'masewero odzigulira malo ku chikho cha dziko lonse. Adalowa m'bwalo masewero ali mkati, adamwetsa zigoli ziwiri, ndipo Zambia idapambana 4 kwa 2. Kuchokera tsiku limenelo adakhalanso msanamira ya timuyo.

Zaka zimene zidatsatira zidakhala zokoma koposa pa ntchito yake m'timu ya dziko. Mu 1978 adasewera ku chikho cha mayiko a mu Africa ku Ghana, ngakhale Zambia idatulukira m'ndime yoyamba. M'mwezi wa Novembala chaka chomwecho, dziko la Malawi lidachititsa mpikisano wa mayiko a kuvuma ndi pakati pa Africa wa CECAFA. Kumeneko Zambia idaswa Kenya 9 kwa 0, ndipo Chitalu adamaliza mpikisanowo ndi zigoli 11, kuposa wina aliyense. Chikho chokha chidatsala ku Malawi, pakuti timu ya dzikolo, ya m'badwo wa Kinnah Phiri, idagonjetsa Zambia 3 kwa 2 m'masewero otsiriza. Chitalu adalandira mphoto ya wosewera wapamwamba wa chaka mu 1978 ndi mu 1979, zimene zidafikitsa mphotozo pa zisanu.

M'chaka cha 1980, Zambia idapeza mwayi wopita ku masewero a Olimpiki ku Moscow, mayiko ena atanyanyala masewerowo. Idagonja masewero onse atatu: 1 kwa 0 kwa Cuba, 3 kwa 1 kwa Soviet Union ndi 2 kwa 1 kwa Venezuela. Zigoli ziwiri zokha zimene Zambia idapeza kumeneko zidali za Chitalu, yemwe panthawiyo adali ndi zaka 32. Malinga ndi kawerengedwe ka ofufuza mbiri ya mpira, adasewerera dziko lake masewero 111 ndi kumwetsa zigoli 79, ndipo palibe mzika ina ya Zambia imene idamwetserapo dziko lake zigoli zochuluka chotero. Mu 1981 Pulezidenti Kaunda adamupatsa mendulo ya ulemu, ndipo chaka chotsatira adasiya kusewera.

Mphunzitsi

Atapachika nsapato, Chitalu sadachoke ku Kabwe kapena ku timu yake. Adapitiriza ntchito ku kampani ya njanji uku akuthandiza kuyendetsa Warriors. Patangopita zaka zitatu chitengereni ligi ya 1987, timuyi idagwa mphwayi mpaka kutuluka mu ligi yaikulu kumapeto kwa 1990. Apa ndi pamene adapatsidwa udindo wa mphunzitsi wamkulu. M'chaka chimodzi chokha adaibwezera mu ligi yaikulu, ndipo adasankhidwa kukhala mphunzitsi wapamwamba wa chaka cha 1991. Munthu amene ali mnyamata ankalimbana ndi oyimbira tsopano ndiye ankalangiza achinyamata za mwambo.

Panthawiyo timu ya Zambia idali ndi m'badwo watsopano wa osewera aluso. Ena mwa iwo adali m'gulu limene lidadabwitsa dziko lapansi pogonjetsa Italy 4 kwa 0 pa Olimpiki ya ku Seoul mu 1988. Chiyembekezo cha anthu chidali chakuti m'badwo umenewu ndi umene udzafikitse Zambia koyamba ku chikho cha dziko lonse, chomwe chinkayembekezeka kuchitikira ku United States mu 1994.

Ulendowo udayamba kuvuta m'mwezi wa Disembala 1992, pamene Zambia idagonja 2 kwa 0 ku Madagascar. Mphunzitsi Samuel Ndhlovu adachotsedwa, ndipo m'malo mwake mudasankhidwa Moses Simwala, kuti azithandizidwa ndi Chitalu ndi Alex Chola. Simwala adadwala asanakhazikike pa ntchitoyo, choncho udindo wonse udagwera Chitalu. Pansi pa iye timuyo idadzuka. Idabwezera Madagascar poigonjetsa 3 kwa 1 ndipo idadutsa kupita m'ndime yomaliza ya masewero odzigulira malo, momwe idaikidwa m'gulu limodzi ndi Morocco ndi Senegal.

Usiku wa ku Libreville

Pa 25 Epulo 1993, Zambia idagonjetsa Mauritius 3 kwa 0 kwawo kwa eni bwalo, m'masewero odzigulira malo ku chikho cha mayiko a mu Africa. Zigoli zonse zitatu adamwetsa ndi Kelvin Mutale. Timuyo itabwerera ku Lusaka, idanyamukanso pa 27 Epulo kupita ku Dakar kukakumana ndi Senegal. Idakwera ndege ya asilikali a m'mlengalenga a Zambia, ya mtundu wa DHC-5D Buffalo, imene inkayenera kuima ku Brazzaville, Libreville ndi Abidjan kuti imwe mafuta.

Usiku wa tsikulo, ndegeyo itangonyamuka pa bwalo la Libreville m'dziko la Gabon, idagwera m'nyanja ya Atlantic, mamita pafupifupi 500 kuchokera kugombe. Anthu onse 30 amene adali m'ndegemo adafa. Mwa iwo mudali osewera 18, oyendetsa ndege ndi owathandiza asanu, mtsogoleri wa bungwe loyendetsa mpira la FAZ Michael Mwape, Alex Chola ndi Chitalu mwini. Adali ndi zaka 45. Ena mwa osewera amene adafa naye, monga goloboyi Richard Mwanza ndi wotchinga kumbuyo Whiteson Changwe, adali anyamata ake a ku Kabwe Warriors. Kaputeni Kalusha Bwalya adapulumuka chifukwa ankasewera ku PSV Eindhoven m'dziko la Netherlands ndipo adakonza zokakumana ndi anzakewo ku Dakar.

Matupi a anthuwo adaikidwa pa malo otchedwa Heroes' Acre, pafupi ndi bwalo la Independence mumzinda wa Lusaka, pa mwambo umene udasonkhanitsa anthu miyandamiyanda. Mabanja a malemuwo adadikira zaka khumi kuti amve chimene chidachitika. Lipoti la boma la Gabon, lomwe lidatuluka mu 2003, lidati injini ya kumanzere idagwira moto, ndipo woyendetsa ndege adazimitsa molakwitsa injini ya kumanja imene inkagwira bwino ntchito. Lipotilo lidatchulanso kutopa kwa woyendetsayo, yemwe adali atangobwera ndi timuyo kuchokera ku Mauritius dzulo lake.

Timu yatsopano imene idamangidwa mozungulira Kalusha Bwalya idatsala pang'ono kumaliza ntchito imene Chitalu adaisiya. Pamasewero otsiriza ku Casablanca, m'mwezi wa Okutobala 1993, inkangofunika kulepherana ndi Morocco kuti ipite ku United States, koma idagonja 1 kwa 0. Mu 1994 idafika m'ndime yotsiriza ya chikho cha mayiko a mu Africa ku Tunisia n'kugonja 2 kwa 1 kwa Nigeria. Chikhocho chidabwera pa 12 Febuluwale 2012, pamene Zambia, motsogozedwa ndi mphunzitsi Hervé Renard, idagonjetsa Côte d'Ivoire 8 kwa 7 pa mapenate. Masewerowo adachitikira ku Libreville, mtunda waufupi kuchokera pamene ndege ija idagwera, ndipo masiku ochepa izi zisanachitike osewerawo adakaponya maluwa m'nyanja pagombelo.

Mtsutso wa nambala

Chaka chomwecho cha 2012 chisanathe, dzina la Chitalu lidamvekanso. Pa 9 Disembala, Lionel Messi wa ku Barcelona ndi Argentina adapitirira zigoli 85 zimene Gerd Müller adamwetsera Bayern Munich ndi West Germany m'chaka cha 1972, ndipo adamaliza chakacho ndi zigoli 91. Nyumba zofalitsa nkhani padziko lonse zidalengeza kuti mbiri yatsopano yakhazikitsidwa. Bungwe la FAZ lidatsutsa, ponena kuti m'chaka chomwecho chimene Müller adamwetsa zigoli 85, mwana wa ku Luanshya adamwetsa 107.

Bungwe la FIFA lidayankha kuti silisunga chiwerengero cha zigoli za m'mipikisano ya m'mayiko, koma za mipikisano yake yokha, choncho silingatsimikize mbiri ya Chitalu ngakhalenso ya Messi. Yankholi silidakhutiritse anthu a ku Zambia. Lidavumbulanso vuto limene lili m'mayiko ambiri a m'chigawo chino. Zigoli za Müller zidalembedwa chimodzichimodzi m'mabuku a ligi ya kwawo, ndipo zambiri zidajambulidwa pa kanema. Za Chitalu zidatsala m'manyuzipepala akale ndi m'mitu ya anthu amene adazionera pabwalo kapena kuzimva pawailesi.

Amene adagwira ntchito yozisonkhanitsa ndi wofufuza wa ku Zambia, Jerry Muchimba, yemwe adasanthula manyuzipepala a 1972 tsiku ndi tsiku, n'kulemba masewero alionse ndi zigoli zake. Kafukufuku wakeyo ndi amene adafikitsa chiwerengero pa 116, ndipo pambuyo pake adalemba buku la moyo wa katswiriyu. Kafukufukuyo adaonetsanso kuti zigoli zochepa mwa zimenezi zidalowa pa masewero opimana mphamvu ndi a chifundo. Ngakhale zimenezo zitachotsedwa, zotsalazo zikuposabe 100, ndipo zidamwetsedwa mu ligi, m'zikho za m'dziko ndi m'mipikisano ya mu Africa.

Otsutsa ena amati ligi ya Zambia ya nthawiyo siyingafanane ndi ya Germany kapena Spain. Mfundoyi ili ndi mbali yake ya choonadi, pakuti osewera ake ambiri adali antchito amene ankachita zokonzekera akaweruka. Komabe ndi ligi yomweyo imene, patangopita zaka ziwiri, idatulutsa timu yofika m'ndime yotsiriza ya chikho cha mayiko a mu Africa popanda wosewera wochokera ku matimu akuluakulu a ku Ulaya. Otchinga kumbuyo amene Chitalu ankalimbana nawo sabata ndi sabata, monga Dickson Makwaza wa Mufulira Wanderers ndi Dick Chama wa timu ya asilikali, adali m'gulu la odziwika bwino mu Africa.

Chimene chidatsala ku Kabwe

Tauni imene Chitalu adaisiya idakumana ndi zovuta pambuyo pa imfa yake. Mgodi udatsekedwa mu 1994, n'kusiya dothi loipitsidwa ndi mtovu limene lidadwalitsa ana ambiri. Ntchito za njanji nazo zidachepa, ndipo anthu ochuluka adachotsedwa ntchito. Timu imene inkadalira njanjiyo idamva nawo ululuwo. Idapatako zikho zina m'zaka zotsatira, koma pofika kumapeto kwa nyengo ya 2024/25 chikho cha ligi chidali chisanabwererenso ku Kabwe chichokereni mu 1987. Mwa maulendo asanu amene Warriors idapambana ligi, anayi adachitika pakati pa 1968 ndi 1972.

Mu 2006, bungwe loyendetsa mpira mu Africa la CAF lidaika Chitalu pa mndandanda wa osewera 200 opambana a zaka 50 zoyambirira za bungweli. Nalo bwalo la Railway Ground lidasinthidwa dzina kuti lizikumbutsa za iye, ndipo limatchedwa Godfrey Chitalu. Ana a ku Kabwe amene amalowa pa chipata chake kukaonera Warriors sadamuonepo akusewera. Amamudziwa kudzera mwa agogo awo, amene amakumbukira chaka chimene zikho zisanu zidabwera m'tauni yawo, ndiponso kudzera m'masamba a manyuzipepala a 1972 amene adasungika mpaka wina adawatsegula n'kuwerenga zigolizo chimodzichimodzi.